Kudetsa Mpeni wa M'thumba Kuti Usadyedwe ndi Dzimbiri

Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a ku Katete, Sinda ndi Vubwi

 Nkhani yanga njaing'ono, pakuti ndi ya mpeni wa m'thumba, koma ndikhulupirira kuti muli phindu la sukulu zathu m'menemo. Mutu wace ndi uwu: mpeni wa citsulo wamba sungakhale wonyezimira masiku onse. Udzasintha maonekedwe ndithu, ndipo njira ziripo ziwiri zokha: udzafiira kapena udzada. Kufiira ndiko dzimbiri limene limadya mpeni. Kuda ndiko khungu limene limauchinjiriza. Ife tingathe kusankhiratu kuti ude, pogwiritsa nchito zinthu zowawasa za m'nyumba mwathu, ndipo pocita ici tidzapeza phunziro la sayansi losafuna ndalama.

Mpeni pa nchito ya mphunzitsi

Tonse tidziwa kuti mphunzitsi wa kumudzi wopanda mpeni ali ngati mlimi wopanda khasu. Ndi mpeni timasongola mapensulo, timadula timitengo towerengera masamu, timang'amba nsungwi zopangira zothandizira kuphunzitsa, timadula luzi, ndiponso timalumikiza mitengo ya mango ndi malalanje m'munda wa sukulu. Kuyambira mu 1975, pamene Pulezidenti Kaunda analamula kuti sukulu iri yonse ikhale ndi nchito zace zaulimi ndi zamanja, minda yakhala mbali ya moyo wa sukulu zathu, ndipo munda sukhala popanda zida zodulira.

Mdani wa zida zimenezi afika pamodzi ndi mvula. Kuno kwathu dzinja liyamba mu Novembala kufikira Epulo. Timatseka sukulu mu Disembala, zida tazitsekera m'kabati, mwina zina zisanaume bwino. Pofika Januwale tipeza mipeni yafiira, popindira pace pauma gwa, ndipo mphunzitsi wamkulu ayenera kufunanso ndalama zogulira zina. Sukulu ya ku Vubwi kapena ya kutali ndi mseu waukulu wa Great East siingathe kuthamangira ku sitolo ya zitsulo tsiku liri lonse. Cotero kusunga mpeni umodzi zaka khumi ndi nkhani yoyenera kuikamba pa msonkhano wa anthu ophunzira.

Mitundu iwiri ya citsulo

Poyamba tiyenera kudziwa mpeni umene tiri nao, pakuti mipeni iri ya mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndiwo wa citsulo cosakaniza ndi kaboni, ndiye cinthu comwe cija cimene makala anapangika naco. Kaboniyo ngwocepa kwambiri, pakati pa theka la gawo ndi gawo limodzi pa magawo 100, koma ndiye amene amalimbitsa citsulo kuti cisunge kuthwa kwace. Mpeni wotere sucedwa kunola pa mwala, umathwa koposa, koma sucedwanso kucita dzimbiri.

Ambiri a ife tidziwa mipeni ya Okapi. Inayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen, m'dziko la Germany, ndi colinga ca kuigulitsa kuno ku Africa, ndipo kuyambira mu 1988 ipangidwa ku South Africa. Dzina lace ndi la nyama ya m'nkhalango za ku Congo imene Azungu anaidziwa mu 1901 mwa khama la Harry Johnston, yemwe uja anayamba walamulira dziko la Nyasaland. Mipeni yambiri ya Okapi ndi ya citsulo ca kaboni, ndico cifukwa cace Okapi wa agogo anu ngwakuda.

Mtundu waciwiri ndiwo umene alembapo mau akuti Stainless. Munthu wina wa ku Sheffield, ku England, dzina lace Harry Brearley, anapanga citsulo cotere mu 1913 posakaniza citsulo ndi chromium. Chromium akafika magawo 10.5 pa 100 kapena kuposa, amadzipangira yekha kakhungu kosaoneka ndi maso kamene kamatsekereza madzi ndi mpweya. Mpeni wa mtundu uwu sufuna kudetsedwa, ndipo mungaugoneke m'madzi a mandimu usiku wonse, sudzada monga winawo. Tsono yang'anani zolembedwa pa mpeni wanu. Ngati palibe colembedwa, dulani nao mango osapsa ndi kuusiya kanthawi osaupukuta. Ukacita mathotho akuda, mwadziwa kuti ngwa citsulo ca kaboni.

Dzimbiri ndi khungu lakuda

Dzimbiri limabadwa pamene zinthu zitatu zikumana: citsulo, madzi ndi mpweya wa okosijeni. Cimodzi cikasowa, dzimbiri silicitika. Mcere umafulumiza nchitoyi, ndipo thukuta la m'manja mwathu liri ndi mcere. Cifukwa cace mpeni wa m'thumba la munthu wogwira nchito padzuwa umabvutika koposa wa m'kabati. Coipa ca dzimbiri lofiira ndi ici, kuti limatupa kuposa citsulo cimene lacokeramo, limasweka ndi kuyoyoka, ndipo liri ndi timibowo tosunga cinyezi. Likayoyoka lisiya citsulo catsopano poyera, ico cicitanso dzimbiri, ndipo mpeni unka nukumbika.

Khungu lakuda limabadwanso kucokera ku citsulo ndi mpweya womwewo, koma mapangidwe ace ngosiyana. Ndi lopyapyala, losalala, ndipo limamatirira zolimba. Mbali yace ina ndi cinthu cimene akatswiri amacichula magnetite, ndipo mbali ina ndi zimene zipangika pamene asidi wa m'zipatso akumana ndi citsulo. Popeza laphimba kale pamwamba, dzimbiri lofiira limacedwa kupeza pogwira. Azungu amachula khungu lotere patina, ndipo dzina lomweli amalipatsanso kubiriwira kumene kumaoneka pa mkuwa wokhalitsa panja.

Sitikamba cinthu cacilendo kwa Acewa ai. Makolo athu anali akatswiri a ng'anjo. Mu 1831 Mpwitikizi wina, Antonio Gamitto, anadutsa m'dziko la Amaravi pa ulendo wocokera ku Tete kunka kwa Mwata Kazembe, ndipo m'buku lace analemba za umisiri wao wa kuyenga ndi kusula citsulo. Ngakhale lero, nkhwangwa kapena kasemasema wocokera kwa wosula wa m'mudzi amakhala wakuda bii, ndipo kuda kumene moto wasiya pamenepo ndi mbale wace wa khungu limene tikukambali. Wosula amalipeza ndi moto. Ife, amene sitingaike mpeni wopangidwa kale pamoto cifukwa ungafewe ndi kuleka kuthwa, tidzalipeza ndi zowawasa.

Zowawasa za m'nyumba

Kuwawasa kumene lilime limamva ndico cizindikiro ca asidi. Viniga wa m'sitolo ali ndi asidi pafupifupi magawo 5 pa 100, otsalawo ndi madzi. Madzi a mandimu ali ndi mphamvu yofanana ndi imeneyo. Amene ali kutali ndi sitolo asadandaule, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno: bwemba wobviika m'madzi, ufa wa malambe, mango osapsa, matimati, anyezi ndi madzi ophikira lumanda, zonsezi zimadetsa citsulo, kungoti zina zimacedwa. Tiyi wakuda wofulula kwambiri nayenso amadetsa, koma mwa njira yina: muli cinthu cochedwa tannin cimene cimasanduka cakuda cikakumana ndi citsulo, ndipo inki imene anthu a ku Ulaya analembera zaka mazana ambiri inali kupangidwa motero.

Mpeni uli wonse wa citsulo ca kaboni umene udula zipatso tsiku ndi tsiku, ndi kupukutidwa bwino, udzapeza khungu lace wokha patapita miyezi. Koma pa miyezi imeneyo dzimbiri lingathe kufika msanga ndi kulanda malo. Kudetsa dala ndiko kutsogoza khungu labwino loipalo lisanabwere, monga mlimi amene abzala msanga kuti cimanga cace cipitirire udzu.

Kacitidwe kace

Coyamba, cotsani dzimbiri lonse lofiira. Kwecani ndi phulusa lonyowa, mcenga wosalala kapena sandipepa, kufikira citsulo ciyere. Khungu lomera pamwamba pa dzimbiri silikhalitsa.

Caciwiri, cotsani mafuta. Tsukani ndi sopo ndi madzi otentha, ndipo ngati muli ndi sipiriti pukutani nayo. Mukatero musakhudzenso citsuloco ndi zala, pakuti pamene cala cakhudza asidi sagwira bwino, ndipo mudzaona cidindo ca cala canu pa mpeni.

Cacitatu, thirani viniga kapena madzi a mandimu m'botolo la galasi ndi kuimika mpeni m'menemo, nsonga pansi. Madziwo alekeze pang'ono pansi pa popindira, osafika pa cikumbu. Asidi akalowa popindira sangathe kupukutidwa, ndipo adzadya kacitsulo kamene kamagwira mpeni kuti usapindike wokha. Madzi ofunda amagwira nchito msanga koposa ozizira. Posacedwa mudzaona tithobvu ting'onoting'ono tikukwera kucokera pa citsulo. Umenewo ndi mpweya wochedwa haidrojeni, umene umatuluka pamene asidi akudya citsulo. Yang'anani pakapita mphindi 10, ndipo musapitirire mphindi 30 pa ulendo umodzi.

Cacinai, turutsani mpeni, muusiye pa mpweya mphindi zingapo, kenaka mutsuke ndi kupukuta ndi kansalu. Mwaye wina wakuda udzacoka. Musadabwe, umenewo sunali womatirira. Cotsala ndi khungu lotuwa ngati phulusa. Mukafuna kuti lide koposa, bwerezani kawiri kapena katatu. Kubviika pang'ono kangapo kumapambana kubviika kamodzi nthawi yaitali, cifukwa asidi akakhalitsa amakumba timaenje ndi kudya kukamwa kwa mpeni. Paja kuona maso a nkhono nkudekha.

Cacisanu, letsani asidi kuti asapitirize kudya. Sungunulani supuni imodzi ya soda wophikira m'kapu ya madzi ndi kutsukira mpeni m'menemo. Ngati soda palibe, cidulo cimene amai amaceza ndi phulusa pophika therere cigwira nchito yomweyo, pakuti soda ndi cidulo ndiwo adani a zowawasa. Mukatha tsukaninso ndi madzi oyera.

Cacisanu ndi cimodzi, umitsani bwino lomwe, pakani mafuta ophikira pang'ono, ndi kupukuta mpaka patsale kungonyezimira. Potsiriza nolani pa mwala. Kukamwa kwa mpeni kudzayeranso, ndipo kuyenera kukhala kotero, pakuti kumeneko kumanoledwa kawirikawiri.

Amene alibe botolo angathe kukulunga mpeni m'kansalu konyowa ndi viniga, kapena kuubaya m'ndimu kapena m'anyezi wamkulu ndi kuusiya ora limodzi. Njira izi zimasiya mawanga ndi mizere, cifukwa pamene mpweya ufika mosabvuta pamada koposa. Ena amakonda mawangawo, ndipo ali ndi phindu lace: mpeni wa sukulu wokhala ndi cizindikiro cace susocera m'thumba la mwini wina.

Zoyenera kucenjera nazo

Khungu lakuda si mankhwala othetsa dzimbiri. Limangolicedwetsa. Mpeni wodetsedwa ukagona panja pa mame usiku wonse udzafiira ndithu. Ubwino wace waukulu ngwakuti limagwira mafuta koposa citsulo coyera, cotero khungu ndi mafuta pamodzi ndizo zimasunga mpeni. Lamulo la masiku onse likhalabe lomwe lija: mukatha nchito, tsukani, umitsani, pakani mafuta.

Musayese konse kugwiritsa nchito asidi wa m'mabatire a galimoto kapena a magetsi a dzuwa. Ameneyo amaocha khungu la munthu, amaboola zobvala, ndipo dontho limodzi lingathe kupha diso. Musasakanize viniga ndi mankhwala oyeretsera nsalu monga Jik, pakuti pamaturuka mpweya wa poizoni wochedwa klorini. Ngati cikumbu ca mpeni ciri ndi mkuwa, viniga asafikepo, cifukwa zobiriwira zimene zimamera pamenepo nzoipa m'mimba. Ndipo mpeni wodulira cakudya usapakidwe mafuta a injini.

Pali cinthu cina cimene ana amafunsa kawirikawiri: kodi dzimbiri ndilo limadwalitsa kafumbata? Iai. Kafumbata amadza ndi tizirombo tokhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto. Citsulo ca dzimbiri ncoopsa cifukwa nthawi zambiri cagona m'dothi, ndipo timaenje tace timasunga litsiro. Mwana akadziceka kwambiri kapena akabayidwa, ngakhale ndi mpeni woyera, tsukani bala ndi sopo ndi madzi, ndipo mupite naye ku cipatala ca pafupi, kapena ku St Francis ku Katete, kapena ku Nyanje, kuti anamwino aone ngati afunika katemera.

Phunziro la misomali isanu ndi umodzi

Tsopano ndifike pa cimene ndiciyesa cacikulu. Ana athu ambiri amaganiza kuti sayansi imakhala ku Chipata ndi ku Lusaka, m'zipinda za mabotolo ndi magalasi, ndi kuti kumudzi kuno timangoloweza mau ace kuti tikhoze mayeso. Kuyambira mu 2022, pamene maphunziro anakhala aulere, makalasi athu adzaza, ndipo zida zophunzitsira sizikwanira ana onse. Koma phunziro ili lifuna zinthu zimene mwana ali yense anaziona kwao.

Mipeni ikhale m'manja mwa mphunzitsi yekha. Ana apatsidwe misomali wamba ya matabwa. Yokhomera malata siyenera, cifukwa inakutidwa kale ndi zinki. Gulu liri lonse likwece misomali isanu ndi umodzi mpaka iyere. Woyamba ausunge pouma. Waciwiri augoneke pa kansalu konyowa ndi madzi. Wacitatu augoneke pa kansalu konyowa ndi madzi a mcere. Wacinai audetse ndi mandimu monga ndafotokoza, osaupaka mafuta. Wacisanu aupake mafuta okha. Wacisanu ndi cimodzi audetse ndi kuupaka mafuta. Itatu yotsirizayi igone pa kansalu konyowa ndi madzi monga waciwiri uja. Asanayambe, mwana ali yense alembe m'kope mwace msomali umene aganiza kuti udzayamba kufiira, ndi umene udzatsirizira. M'mawa muli monse, kwa sabata lathunthu, ayang'ane, ajambule, ndi kulemba zimene aona.

Kawirikawiri wa mcere ndiwo uyamba, ndipo wouma ndi yopakidwa mafuta ndiyo ikhalitsa. Koma ndikupemphani, abale anga, gulu lina likapeza zosiyana ndi zimene munayembekeza, musafafanize zolemba zao. Afunseni kuti cacitika nciani. Kapena kansalu kao kanauma. Kapena sanakwece bwino. Kapena mafuta anacepa. Mwana amene afunafuna yekha cifukwa ca cimene waona ndiye wayamba sayansi yeniyeni, kuposa amene waloweza tsamba lathunthu.

Mungathenso kuwaonetsa kusiyana kwa zowawasa ndi cidulo. Wiritsani zikhokho zofiira za lumanda, ndi kugawa madzi ace m'makapu awiri. M'kapu imodzi dontheza madzi a mandimu, ndipo adzafiira koposa. M'inzace dontheza cidulo, ndipo adzasanduka obiriwira moderako. Pamenepo ana adzaona ndi maso ao cifukwa cace titsuka mpeni ndi cidulo pomaliza, ndipo adzazindikira kuti amai ao, pokonza ndiwo, amagwira nchito ndi malamulo omwewo amene alembedwa m'mabuku.

Kodi mpeni wakuda si wauve?

Funso ili lidzabwera ndithu, makamaka kucokera kwa amai, amene anatiphunzitsa kuti ciwiya caukhondo ndico conyezimira. Tiwayankhe mwaulemu, pakuti pa mapoto ndi mbale akunena zoona. Koma mpeni wa citsulo ca kaboni ukakwecedwa tsiku ndi tsiku mpaka kuyera, tikucotsa cobvala cace ndi kuupereka wamarisece kwa dzimbiri. Ndiponso mpeni woyera wotere ndiwo umadetsa anyezi ndi kusiya fungo la citsulo pa cipatso. Ukapeza khungu lace, zimenezi zimacepa. Ciyeso cace ncapafupi. Tsukani mpeni ndi sopo, muumitse, ndi kupukuta ndi kansalu koyera. Kansalu kakafiira, kapena cala cikamva kukakala, limenelo ndi dzimbiri, licotseni. Kansalu kakakhala koyera ndipo citsulo ciri cosalala, mpeniwo ngwaukhondo ngakhale uli wakuda.

Pomaliza ndipempha zinthu ziwiri. Tisanatseke sukulu mu Disembala, mphunzitsi ali yense awerenge mipeni ndi zida zodulira za m'kalasi mwace, adetse zimene ziri za citsulo ca kaboni, azipake mafuta, ndi kuzikulunga m'pepala louma asanazitsekere. Ndipo amene adzayesa phunziro la misomali alembe zimene ana ace anapeza, ndi zowawasa zimene anagwiritsa nchito, kaya ndi bwemba, malambe kapena lumanda, kuti pa msonkhano wotsatira tidzayerekeze za ku Katete, za ku Sinda ndi za ku Vubwi, tione cimene cigwira bwino koposa kuno kwathu. Mutu umodzi susenza denga.